Foni ya Aphunzitsi Kuseri kwa Chulu

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Apampando ati ndilankhule mwachidule, ndipo amene amandidziwa ayamba kale kuseka, chifukwa chidule changa chimafuna madzi akumwa pakati. Ndine Mbewe, mlimi wa fodya wa chakuno ku Ludzi. Ndamva maumboni anu: wina kachasu, wina kubetcha mpira pafoni, wina ndende. Ine sindinamwe, sindinabetche, apolisi sakundidziwa. Changa ndi ichi: ndinakana kuika maliro a mnzanga. Manda tinakumba, bokosi tinatsitsa, dothi ndinaponya ndi dzanja ili, koma pobwerera kumudzi ndinabwera naye m'thumba la jekete.

Ndiyambe ndi matenda anga akale. Sukulu ndinalekeza panjira, koma kuwerenga sikunandileke. Ndimawerenga chilichonse: thumba la feteleza, kapepala ka mankhwala a nkhuku, nyuzipepala yokulungira usipa. Akazi anga, anaPhiri, amati tsiku la maliro anga ndidzadzuka kuti ndiwerenge kaye zolembedwa pamtanda. Tsiku lina pamsika ku Boma ndinapeza mayi wina akung'amba buku lachingerezi lopanda chikuto n'kumakulungira zitumbuwa. M'bukumo munali zithunzi za makadi. Ndinagula zitumbuwa zoti sindikanatha kudya, mpaka mayiyo anandipatsa lotsalalo. Linayambira pakati, chiyambi chake anali atachidya kale anthu a ku Boma.

Linali buku la masewero a makadi otchedwa briji. Ndinalimbana nalo mpaka mutu kuwawa, kenako ndinapita nalo kwa Aphunzitsi a Tembo, mkulu wopuma ntchito amene ankakhala tsidya la dambo lathu ndi akazi awo, anaBanda. Atalitsegula anavula magalasi.

"A Mbewe, ichi mwachitenga kuti?"

"Kwa mayi wa zitumbuwa."

"Masewero awa ndinawasiya ndili mnyamata ku koleji. Anatiphunzitsa wansembe wina wokalamba. Zaka zonsezi ndasowa wosewera naye. Khalani pansi."

Ndikufotokozereni pang'ono, kuti musaganize kuti ndi njuga. Briji amasewera anthu anayi, awiriawiri. Poyamba mnzako makadi ake suwaona. Musanayambe kuponya, pamakhala kutchula, ngati ku okushoni ya fodya: aliyense amatchula kuti mbali yake ikhoza kudya kangati, ndiponso ndi mtundu uti wa makadi, kaya mitima, kaya dayamondi, kaya ina. Amene alibe chotchula amangoti pasi. Kutchulako ndiye kulankhulana kwanu konse. Kutsinzinira kulibe, kutsokomola kulibe. Ndiye osewera ali ndi mapangano awo, kuti ndikatchula chakuti ndikutanthauza chakuti, ndipo lamulo likuti pangano lililonse adani anunso alidziwe. Chinsinsi sichiloledwa.

Pangano limodzi mulisunge, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepo. Mnzako akatchula kuti ali ndi makadi amphamvu mbali zonse, pamene iwe uli ndi mitima yambiri, sutchula mitima. Umatchula dayamondi. Ndiko kumuuza kuti mitima ndili nayo, koma itchuleni ndinu, kuti makadi anu amphamvuwo akhale obisika kwa adani. Pajatu kutchula kukatha, mnzake wa amene anayamba kutchula mtunduwo amayala makadi ake poyera. Iye ayenera kuyankha kuti mitima. Akangoti pasi, mwagwera m'dzenje nonse awiri, chifukwa mwatsala ndi dayamondi amene mulibe.

Aphunzitsi pangano limeneli ankaliiwala. Munthu wophunzitsa masamu moyo wake wonse!

Pamudzi anayi sitinakwane. Tinayesa kukopa anzathu a bawo, anathawa tisanamalize kugawa makadi. Ndiye mwana wa Aphunzitsi, Agnesi, amene ndi namwino ku Lilongwe, anawagulira foni n'kutiikira masewerowo kuti tizisewera ndi anthu akutali. Inenso ndinagula yanga. Kwathu netiweki imagwira bwino pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa chigafa changa. Kwina konse foni imathawira ku Zambia n'kuyamba kutilandira ngati alendo. Koma Aphunzitsi anakana kukhala pafupi ndi ine. Anati, "Tikakhala phewa ndi phewa, diso lidzaba lokha." Choncho iwo ankakhala kuseri kwa chulu, ine kuno, masana tikaweruka kumunda.

Ndikatchula dayamondi wanga, mtima uli m'mwamba, ndinkangoona pafoni pabwera pasi.

"Aphunzitsi! Dayamondi uja ndi mitima!"

"Aaa, pepani a Mbewe, ukalamba."

"Ukalamba wanji? Mayina a ana onse amene munawakwapula mumawakumbukira!"

Kuseri kwa chulu kunkachokera kuseka, kuseka kothera m'chifuwa.

Chifuwa chimenecho chinakula. Nthawi ya nazale tinawatengera kuchipatala. Pamene ankawalowetsa anandigwira dzanja n'kundipatsa foni. "Sungani, mukaitchaje. Tidzasewera ndikatuluka." Anatuluka atakutidwa nsalu.

Tsiku logawa katundu wa malemu, akuluakulu a banja anafunsa za foni. Wina anati mwina inagwa m'galimoto, wina anati mwina inasowa m'chipwirikiti cha maliro. Ine ndinali pompo, foni ili m'jekete, yozimitsa. Ndinaweramitsa mutu. Ndi pakamwa sindinaname, abale anga. Ndinanama ndi khosi.

Zotsatirazo zinathamanga. Poyamba ndinangoiyatsa kuti ndione dzina lawo. Kenako ndinayesa kusewera ndi anthu osawadziwa: wina ananditukwana m'Chingerezi chimene sichinali m'buku langa, wina anangochoka pakati pa masewero. Ndiye tsiku lina ndinatsegula masewero pa mafoni onse awiri. Dzina la Aphunzitsi linawala patebulo, moyang'anana ndi langa, ngati palibe chachitika. Ndinati kamodzi kokha.

Ndiseke ndekha apa, inu musanandiseke. Ndinayesa kuba mwachilungamo. Ndinkaika foni yawo kuseri kwa chulu, pamalo pawo, ndipo ndikatchula pa yanga ndinkazungulira kukatchula pa yawo, ndikudziuza kuti ndiiwale makadi amene ndangoona kumene. Munthu wamkulu, wa imvi, kuzungulira chulu ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Adani ankalemba kuti fulumirani. Nditatopa ndinangokhala pansi, foni ina dzanja ili, ina dzanja ili. Pamenepo tinayamba kupambana. Ungalephere bwanji ukuona makadi a mbali zonse ziwiri? Anthu akutali ankalemba kuti inu awiri mumamvana zedi. Aphunzitsi anasiya kuiwala. Ndikatchula dayamondi, mitima inkabwera msangamsanga, ndipo sikunkakoma ngakhale pang'ono. Komabe m'mawa mwake ndinkabwerera.

Mbewu za fodya zinakalambira pa nazale. Zimene ndinawokera, udzu unazimeza. Masamba ochepa amene ndinathyola anaolera m'chigafa, ine ndili kuseri kwake, fungo ndikulimva. Nkhuku zinatha, zonse zinasanduka bandulo ya foni.

Ndipo panali mauthenga. Agnesi, polira bambo ake, ankalembera nambala yawo, podziwa kuti palibe owerenga. Koma ine ndikayatsa foni, mauthengawo ankafika, n'kutulukira pamwamba pa makadi. "Adadi, lero ndinaona bambo wina woyenda ngati inu." "Adadi, ndakusowani." Ndinkawakankhira pambali ndi chala kuti ndione makadi bwino. Mundimve bwino: ndinkakankha misozi ya mwana wamasiye ndi chala ichi. Kenako Agnesi anaona kuti mauthengawo akufika. "Ndani ali ndi foni iyi?" "Chonde yankhani." Pambuyo pake anaBanda anayamba kuimba foniyo. Ndinali nditaitseka mawu, ndiye inkangowala mwakachetechete pa udzu, dzina limene Aphunzitsi anawalemba likuoneka: Mayi a kunyumba. Ndinkadikira kuti izime, n'kupitiriza.

Agnesi anauza mayi ake kuti amene ali ndi foniyo ndi wakuba. Mayi ake anati, "Wakuba wanji amene amadzuka masana okhaokha, nthawi imene bambo ako ankapita kuchulu?" Amayi opita kudimba anali atandiona kale ndikuzungulira chulu, atandimva ndikuitana Aphunzitsi, poti pakamwa panga sipanasiye chizolowezi. Mukudziwa inu nomwe zimene anthu amaganiza akaona zotere. Mbiri inamveka kuti Mbewe anatenga Aphunzitsi m'matsenga, anawasandutsa ndondocha, akuwasunga pachulu kuti azimugwirira ntchito. Ngati ndinali ndi ndondocha, inali yaulesi kuposa zonse m'Mchinji muno, poti munda wanga unali thengo. Koma mbiri siiyendera munda.

Palibe amene anandifunsa. Anthu ankangopatuka panjira. AnaPhiri okha ndi amene anapeza mafoni awiri ndikuwatchaja pa sola.

"Bambo a Rozi, iyi ndi ya ndani?"

Foniyo anali ataizindikira kale.

"Mukabweze lero. Mayi aja akuwonda inu mukuona."

"Ndibweza mawa."

Mawa anachuluka. AnaPhiri anatenga ana n'kupita kwawo ku Mkanda. Sanaulule kwa munthu, chifukwa manyazi anga anali awonso.

Nyengo ya maliro itakwana, a mpingo ndi abale anakonza tsiku loti anaBanda avule zakuda, apempherere malemu, moyo upitirire. Anakana. Anati, "Ndivula bwanji mwamuna wanga asanagone? Ali panja, akumugwiritsa ntchito." Mawu amenewa anandipeza. Ndinawamva bwinobwino, ndinawamvetsa. Ndipo masana a tsiku lomwelo ndinapita kuchulu. Ngati mukufuna kudziwa pansi penipeni pamene ndinafika, ndi pamenepo.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono.

Inali nthawi ya dzuwa lija lotsogolera mvula, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Ndinakhala pamalo panga, mafoni awiri pamiyendo. Makadi anagawidwa. Kwa Aphunzitsi kunabwera amphamvu mbali zonse. Kwa ine mitima yambiri. Ndinatchula kumbali yawo, kenako dayamondi kumbali yanga. Ndinatenga foni yawo. Yankho ndinkalidziwa: mitima. Koma chala chinaima m'malere. Ndinamva njala, abale anga, njala yoti wina andilakwire. Chaka chonse palibe amene anandidabwitsa, palibe amene anandikwiyitsa, zonse zinkangoyenda monga ndafunira ine. Ndinadina pasi.

Ndiye ndinakweza mawu monga kale. "Aphunzitsi! Dayamondi uja ndi mitima!"

Ndinadikira. Nyenje basi.

Kenako kuseri kwa chulu udzu unachita tswa. Wina anatsokomola.

Sindidziwa ngati munamvapo magazi akuzizira dzuwa likuswa mtengo. Ndinaganiza kuti zimene anthu ankanena zasanduka zoona, kuti ndawaitana mpaka abwera.

Mawu anachokera kuseriko, aang'ono, a mayi. "Ayankha?"

Ndinazungulira chulu ndi njira yanga yomwe ija. AnaBanda anali atakhala pansi pamalo pa amuna awo, m'zakuda zawo zotuwa ndi fumbi. Anali atatha, makosi okhaokha. Sanabwere ndi chikwanje, sanabwere ndi anthu. Pamiyendo panali kambale kovindikira, ndi sikafu yaubweya ija Aphunzitsi ankavala ngakhale kukutentha.

"A Mbewe," anatero osandiyang'ana, "sindinabwere ndi mlandu. Ndamva kuti oterewa amawadula lilime, ndiye ngati sayankha ndikumvetsa. Ndingowaona basi. Ndabweretsa mbatata yootcha, amaikonda. Ndi sikafu iyi. Ali ndi chifuwa, musamawagoneke panja osafunda."

Ine wowerenga mabuku, amene ndinkaseka za ndondocha mumtima kuti ndi za anthu osaphunzira, ndinagwada pafumbi. Mayi ameneyu chaka chonse ankagona akuganiza kuti mwamuna wake akuzizidwa pachulu, ali ndi njala, alibe lilime. Anamuika pamenepo si mfiti ayi. Ndine, ndi foni, ndi makadi.

Ndinaika foni m'manja mwawo. Masewero anali akadali pamenepo, adani akulemba kuti tikudikira. Ndinafotokoza zonse, za kuchipatala, za tsiku logawa katundu, za mafoni awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita galasi losweka pakona ndi chala.

"Ndiye kulibe?"

"Kulibe, mayi."

"Olo pang'ono?"

"Ali kumanda komwe tinawasiya. Kuno ndinali ndekha."

Analira kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Pamenepo ndinazindikira chinthu china chimene chimandidzutsabe mpaka lero: pansi pa mantha onsewo, anali ndi kachiyembekezo koti awaonanso. Ndinawapatsa kachiyembekezo konyansa, kenako ndinawalanda. Anaferedwa kawiri, kachiwiriko ndi dzanja langa.

Za kubwerera kwanga zilibe zozizwitsa. Ndikuuzani monga zinayendera, mwina wina atolapo.

Sindinadikire mawa, poti mawa ndinali nditamudziwa. Ndinanyamula kambale kaja n'kuwaperekeza anaBanda kwawo masana omwewo, anthu akuona, ndipo ndinapempha kuti akuluakulu a banja aitanidwe. Ndinanena ndekha, ndi pakamwa panga, pamaso pa onse amene ndinawaweramira mutu tsiku lija. Ena anakhulupirira. Ena mpaka lero amati foni inali chophimbira chabe. Zimenezo ndinazigula ndekha, ndilibe wodandaulira.

Ndinaimbira Agnesi. Anamvetsera osandidula, kenako anafunsa funso limodzi.

"Munawerenga?"

"Ena ndinawerenga."

"Sanali anu, a Mbewe."

Anadula. Akabwera kumudzi amandipatsa moni, moni basi. Sindimukakamiza. Mukalakwira munthu, nthawi yokhululuka ndi yake, si yanu.

Ndinalembera oyang'anira masewero aja, m'Chingerezi changa cha zitumbuwa, kuti mnzanga anamwalira kalekale ndipo kupambana konse kunali kwakuba. Anafufuta zonse n'kutseka dzina langa. Kunandiwawa, ndisaname, koma kunali ngati kutulutsa munga. Ndinapalasa njinga kupita ku Mkanda. Apongozi anandisiya pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. AnaPhiri anatuluka n'kunena kuti abwera akadzamva kuti nazale yamera. Ndinabwerera ndekha, ndinafesa mochedwa, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Itamera anabwera. Foni yanga amasunga ndi iwo, ndimaibwereka ngati mwana.

Briji sindinasiye, chifukwa makadi sanandilakwire. Koma ndimasewera ndi makadi ogwirika, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ndi anthu amene ndikuwaona nkhope. Awiri a bawo aja anabwerera. Mnzanga tsopano ndi anaPhiri. Pangano la dayamondi analimva tsiku limodzi ndipo saliiwala. Mayi ameneyu saiwala chilichonse, ngakhale zimene ndimapempherera kuti aiwale.

AnaBanda anavula zakuda mvula itayamba. Agnesi anachotsa kakhadi ka nambala m'foni muja n'kukasunga yekha. Mapemphero atatha, anthu akudya, anaBanda anandiitana pambali. Anali atavala chitenje chobiriwira, ndipo ndinatsala pang'ono kusawazindikira.

"A Mbewe, tsiku lija munakuwa za dayamondi. Chinali chiyani?"

Ndinawafotokozera za pangano, ndi momwe amuna awo ankaliiwalira nthawi zonse. Anandiyang'ana, kenako anaseka, koyamba chichitikireni maliro.

"Kuiwala? Bambo aja? Ankabwera kunyumba akuseka okha panjira. Ndikafunsa, amvekere, lero ndamusiyanso Mbewe m'dayamondi. Ankati masewero apafoni ndi a anthu osalankhula, munthu ukhoza kukhala kuseri kwa chulu tsiku lonse osamva mawu a mnzako. Ndiye akafuna kukumvani, ankadziwa pokudinani."

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndikupirira nkhalamba yoiwala, pamene nkhalambayo inkandiseweretsa ngati wailesi. Ndipo chaka chonse chija ndinkati ndasunga Aphunzitsi m'foni, pamene sindinkawadziwa n'komwe mokwanira kuti ndiwatsanzire. Amene ndinkasewera naye kuchulu anali Mbewe, mbali zonse ziwiri.

Kanjira kozungulira chulu kakuonekabe. Udzu ukuchedwa kumera, ndinakaponda kwambiri. Ndikamadutsa popita kuchigafa sindiyang'ana kuseri. Ndipo Lamulungu, ndikatchula dayamondi, anaPhiri asanayankhe, pamakhala kamphindi kakang'ono kamene khutu langa limapita kwina, kudikira pasi, ndi kuseka kothera m'chifuwa. Kenako anaPhiri amati mitima, molondola, ndipo timasewera.

Abale anga, sindidziwa chimene chili m'thumba la jekete lanu. Koma kuseri kwa chulu chanu kuli munthu amene wakhala pansi ndi kambale kovindikira, akudikira. Zungulirani lero, dzuwa lisanalowe. Apampando, madzi aja ndilandire tsopano.